Mmene Mungagwiritsire Ntchito Kamera Kuti Ifotokoze Nkhani mu Sewero la pa Kanema

Anthu ambiri amene akungoyamba kumene kujambula masewero a pa kanema amaganiza kuti ntchito ya kamera ndi kungosunga zimene ochita sewero akulankhula ndi kuchita. Amaimika kamera pakona ya chipinda, n'kuonetsetsa kuti aliyense akuoneka, kenako n'kuyamba kujambula, ndipo pamapeto pake amadabwa kuti mawu onse akumveka bwino koma owonera sakukhudzidwa mtima ngakhale pang'ono. Vuto limakhala lakuti kamera sinapatsidwe ntchito yake yeniyeni. Munthu amene akuonera zisudzo m'holo amasankha yekha koti ayang'ane, kaya ndi kwa amene akulankhula kaya ndi kwa amene wangokhala chete pambali, koma pa kanema ufulu umenewo wowonera alibe, chifukwa amaona zokhazo zimene inu mwaika m'chithunzi, kuchokera pamalo amene inu mwamuimika. Popeza mwamulanda ufulu wosankha, udindo womusankhira bwino uli m'manja mwanu.

Kuti malangizowa asakhale a m'malere, tiyenda ndi chochitika chimodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Mnyamata anachotsedwa ntchito milungu itatu yapitayo, koma sanawauze mayi ake, ndipo m'mawa uliwonse amatuluka m'nyumba ngati akupita kuntchito. Madzulo ano akufika kunyumba n'kupeza mayi atakhala patebulo, kalata yomuchotsa ntchito ili patsogolo pawo. Chochitika chonsecho chikutenga mphindi ziwiri zokha.

Choyamba: werengani nkhani musanakhudze kamera

Tengani pepala limene palembedwa chochitikacho pamodzi ndi pensulo, ndipo muyankhe mafunso awiri. Funso loyamba ndi lakuti, kodi chochitikachi ndi cha yani? Sikuti nthawi zonse chimakhala cha munthu amene akulankhula kwambiri. M'chitsanzo chathu mayi ndi amene ali ndi mawu ambiri, koma amene moyo wake ukusintha ndi mnyamata, chifukwa bodza limene wakhala akulisamala kwa milungu itatu likuululika iye akuona. Ngati mwasankha kuti chochitikachi ndi chake, kamera iyenera kulowa naye limodzi pakhomo, kuwaona mayi monga momwe iye akuwaonera, ndiponso kupeza kalata panthawi imene iye akuipeza. Mukanasankha kuti ndi cha mayi, mukanayamba nawo ali okha, akudikira, akumva mapazi panja. Mawu akanakhala omwewo, koma owonera akanamva zosiyana kwambiri.

Funso lachiwiri ndi lakuti, kodi ndi pati pamene zinthu zikutembenuka? Mukapapeza, chongani ndi pensulo. Pano ndi pamene maso a mnyamata akugwera pa kalata. Chithunzi chanu champhamvu kuposa zonse muchisungire malo amenewa, ndipo zina zonse zikhale zokonza njira yake kapena zosonyeza zotsatira zake.

Chachiwiri: sankhani mtunda wa pakati pa kamera ndi munthu

Apa m'pamene pagona tanthauzo lalikulu, choncho tichedwepo. M'moyo wa tsiku ndi tsiku sitilola anthu onse kutiyandikira mofanana. Katswiri wa ku America wofufuza za chikhalidwe cha anthu, Edward T. Hall, m'zaka za m'ma 1960 anagawa mtunda wa pakati pa anthu m'magulu anayi: wosapitirira masentimita 45, umene timalola okondedwa athu okha. Kuchokera pamenepo mpaka mamita 1.2, wa abwenzi ndi achibale. Mpaka mamita 3.6, wa anthu amene tikungodziwana nawo kapena tikugwira nawo ntchito. Ndi wopitirira pamenepo, wa munthu wolankhula pagulu. Miyezo imeneyi imasiyana malinga ndi chikhalidwe cha anthu, koma mfundo yake ndi yothandiza kwa wojambula aliyense. Kamera ikayandikira nkhope ya munthu, wowonera amamva ngati walowetsedwa pamalo pamene amafikapo okondedwa okha, ndipo ikatalikira amamva ngati mlendo amene akuonera patali.

Chithunzi chotalikira, chimene ojambula amachitcha wide shot, chimaonetsa munthu yense kuyambira kumutu mpaka kumapazi pamodzi ndi malo amene ali. Ntchito yake yoyamba ndi kudziwitsa wowonera kumene tili, amene alipo, ndi pamene aliyense waima, koma chili ndi ntchito ina yoposa imeneyo, yosonyeza ubale wa munthu ndi zomuzungulira. Mnyamata wathu akaima pakhomo, mayi ali mbali ina ya chipinda, pakati pawo pali malo opanda kanthu, chithunzi chokhacho chimakhala chanena kale kuti anthuwa atalikirana mumtima asanatsegule n'komwe pakamwa.

Chithunzi chapakatikati, kapena kuti medium shot, chimaonetsa munthu kuyambira cha m'chiuno kupita m'mwamba. Ichi n'chimene chimasenza kukambirana kwambiri m'masewero a pa kanema, chifukwa chimaonetsa nkhope pamodzi ndi manja, ndipo manja nthawi zambiri amaulula zimene pakamwa pakubisa. Mnyamata akhoza kunena modekha kuti kuntchito kunali bwino, zala zake zikupotokola makiyi mosalekeza. Samalani kuti malire a chithunzi asadutse ndendende pakhosi, pachigongono kapena pamawondo, chifukwa munthu amaoneka ngati wadulidwa chiwalo. Dulani pamwamba kapena pansi pang'ono pa malo amenewa.

Chithunzi choyandikira, chotchedwa close-up, chimadzaza ndi nkhope yokha, ndipo choyandikira kwambiri chimangoonetsa maso, milomo, dzanja, kapena mawu olembedwa pa kalata. Cholakwa chimene ndimachiona kawirikawiri, ndipo chimandidandaulitsa, ndi kumwaza zithunzi zoyandikira paliponse. Chizolowezi chimenechi chili ndi mbiri yake. Mawailesi a kanema akale anali ndi galasi laling'ono la muyezo wa 4:3 (kuyerekeza kukula kwake chopingasa ndi chotsika) ndipo zithunzi sizinkaoneka bwino kwenikweni, motero ojambula ankayandikira nkhope kuti owonera aone zimene zikuchitika. Masiku ano muyezo wofala ndi 16:9, zithunzi zimaoneka bwino, ndipo palibenso chifukwa choopera chithunzi chotalikira. Mukayamba chochitika ndi nkhope yodzaza galasi lonse, mulibenso kolowera nthawi yofunika ikafika, mofanana ndi munthu amene amalankhula mokuwa nthawi zonse, amene tsiku la ngozi yeniyeni amalephera kukweza mawu kuposa pamenepo. M'chitsanzo chathu yambani patali mnyamata akulowa, bwerani pakatikati pamene akupatsana moni ndi mayi, ndipo muyandikire kwa nthawi yoyamba pamene iye waona kalata.

Chachitatu: sankhani msinkhu wa kamera

Kamera ikakhala pamsinkhu wa maso a munthu, wowonera amamuona ngati mnzake wofanana naye, ndipo apa m'pamene zithunzi zambiri ziyenera kujambulidwira. Ikakwezedwa n'kumayang'ana pansi, munthu amaoneka wochepa, wofooka kapena wopanikizika. Ikatsitsidwa n'kumayang'ana m'mwamba, amaoneka wamkulu, waulamuliro, mwinanso woopsa. Zimenezi n'zodziwika, koma chochitika chathu chili ndi msampha umene ambiri sauona. Mayi akhala pampando ndipo mnyamata waimirira, kotero mukangotsatira mmene akuonerana, kamera idzayang'ana mayi kuchokera pamwamba n'kuyang'ana mnyamata kuchokera pansi. Mukatero mwapereka mphamvu kwa munthu wolakwika, chifukwa amene ali ndi ulamuliro m'chipindamo ndi mayi, amene akudziwa choonadi.

Pali njira ziwiri zokonzera zimenezi. Yoyamba ndi kutsitsa kamera kufika pamsinkhu wa maso a mayi, kapena kutsikirapo pang'ono, powajambula iwo, kenako n'kuikweza pang'ono pamwamba pa maso a mnyamata pojambula iye. Kusiyana kwa masentimita 10 kapena 15 n'kokwanira, ndipo kumagwira ntchito bwino pamene wowonera sakukuzindikira. Yachiwiri ndi kusintha malo a ochita sewero: mnyamata akaona kalata mawondo afooke, akhale pansi, ndipo mayi aimirire. Pamenepo msinkhu wa kamera ukusintha chifukwa cha zimene zikuchitika m'nkhani, ndipo palibe amene angamve kuti wakakamizidwa.

Musaganize kuti kamera yotsika nthawi zonse imatanthauza mphamvu. Wotsogolera mafilimu wa ku Japan, Yasujiro Ozu, ankakonda kuika kamera pansi kwambiri, pafupifupi pamsinkhu wa munthu wokhala pansi, ndipo zithunzi zake zimapereka bata ndi kudekha, osati mantha. Tanthauzo la msinkhu limadalira zithunzi zimene zabwera kale ndi zimene wowonera akudziwa za munthuyo. Palinso kupendeketsa kamera kuti zipupa ndi zitseko zioneke zopendekeka, njira imene inatchuka m'mafilimu a ku Germany a m'zaka za m'ma 1920 ndipo imatchedwa Dutch angle. Imasonyeza kuti maganizo a munthu asokonezeka kapena kuti zinthu sizili m'malo mwake, koma imatopetsa msanga, ndipo m'chochitika cha pabanja ngati chathuchi ine sindingaigwiritse ntchito.

Chachinayi: jambulani mzere wosaoneka pakati pa anthu awiriwo

Lingalirani mzere wowongoka wochokera pamene pali mayi kukafika pamene pali mnyamata. Sankhani mbali imodzi ya mzerewo, ndipo malo onse amene muikepo kamera akhale mbali imeneyo. Limeneli limatchedwa lamulo la madigiri 180. Mukalisunga, mayi amene ali kumanzere kwa chithunzi akuyang'ana kumanja adzakhalabe choncho m'zithunzi zonse, ndipo mnyamata adzakhala kumanja akuyang'ana kumanzere, kotero maso awo adzakumana ngakhale aliyense akuonetsedwa payekha. Mukadumpha mzerewo mosadziwa, onse awiri adzaoneka akuyang'ana mbali imodzi ngati akulankhula ndi munthu wachitatu amene sakuoneka, ndipo wowonera adzasokonezeka osadziwa chomusokoneza. Ngati pakufunika kupita mbali ina, yendetsani kamera wowonera akuona mpaka iwoloke, kapena mulole mmodzi wa ochita sewero asunthe kuti mzerewo usinthe. Komanso pamene mukusintha kuchoka pa chithunzi china kupita pa china cha munthu yemweyo, sunthani kamera ndi madigiri osachepera 30, apo ayi chithunzi chidzaoneka ngati chadumpha mwangozi.

M'kati mwa lamulo limeneli muli zosankha zatanthauzo. Mukajambula nkhope ya mayi kudzera paphewa la mnyamata, anthu awiriwo amakhala m'chithunzi chimodzi, ndipo wowonera amamva kuti akadali olumikizana ngakhale akukangana. Mukamujambula aliyense payekha, popanda ngakhale phewa la mnzake, mwawalekanitsa. Choncho mungayambe ndi zithunzi za paphewa pamene akupatsana moni, kenako kalata ikaoneka n'kumusiya mnyamata yekha m'chithunzi chake. Dziwaninso kuti kamera ikayandikira mzere uja timaona maso onse awiri a munthu ndipo timamva naye limodzi, pamene ikatalikira mpaka kumuona cham'mbali timakhala ngati oweruza amene akungoona zochitika.

Chachisanu: sankhani lenzi ndi malo a munthu m'chithunzi

Zithunzi ziwiri zikhoza kuonetsa nkhope yofanana kukula koma n'kupereka malingaliro osiyana chifukwa cha lenzi, galasi la kutsogolo kwa kamera. Pa kamera ya mtundu wa full frame, imene mbali yake yolandira chithunzi ndi yofanana kukula ndi filimu ya mamilimita 35, lenzi ya mamilimita 50 imaonetsa zinthu pafupifupi monga momwe maso amazionera. Ya mamilimita 24 imatenga malo ambiri, imachititsa kuti chipinda chioneke chachikulu ndipo anthu aoneke otalikirana, koma mukaiyandikiza kunkhope imakulitsa mphuno n'kupotoza maonekedwe. Ya mamilimita 85 kapena kuposa imakukakamizani kuima patali, ndipo zinthu za kutsogolo ndi za kumbuyo zimaoneka zothinana. Pa chithunzi choyamba chija, pamene tikufuna mpata waukulu pakati pa mayi ndi mwana, lenzi yotenga malo ambiri ndi yoyenera, pamene pojambula nkhope ya mnyamata, lenzi yaitali monga ya mamilimita 85 ndi imene ingamupatule bwino.

Bowo lolowetsa kuwala nalonso lili ndi mbali yake. Mukalitsegula kwambiri, monga pa f/2.8, chinthu chimodzi chokha chimaoneka bwino ndipo zina zonse zimachita chimbuuzi. Mukalichepetsa kufika pa f/8, zambiri zimaoneka bwino nthawi imodzi. Mungaike kalata patsogolo ikuoneka bwino, mnyamata ali kumbuyo mosaoneka bwino, kenako n'kusintha pang'onopang'ono mpaka nkhope yake ioneke, ndipo mwafotokoza chifukwa ndi zotsatira zake m'chithunzi chimodzi.

Pa za malo a munthu, gawani chithunzi m'maganizo mwanu patatu chopingasa ndi patatu chotsika, ndipo maso a munthu akhale pafupi ndi mzere wapamwamba. Siyani mpata kutsogolo kwa nkhope, kumene munthu akuyang'ana. Mukachotsa mpatawo mwadala, nkhope n'kukhala pafupi ndi malire a chithunzi, munthu amaoneka wosowa kothawira, ndipo zimenezi zingamuyenere mnyamata wathu mayi akamufunsa kumene wakhala akupita m'mawa uliwonse.

Chachisanu ndi chimodzi: yendetsani kamera pokhapokha pali chifukwa

Kamera yokhazikika pa tripod, choimikira cha miyendo itatu, imapatsa ochita sewero mpata woti ntchito yawo ioneke, ndipo palibe manyazi kuisiya choncho. Kuitembenuza cham'mbali kapena chokweza ndi chotsitsa kumathandiza kutsatira munthu kapena kuulula chinthu, monga kutsika kuchoka pa nkhope ya mayi kufika pa dzanja lawo limene lagwira kalata. Kuyendetsa kamera yonse kupita kwa munthu n'kosiyana ndi kukoka chithunzi ndi zoom, chifukwa kamera ikayenda zinthu za kutsogolo ndi za kumbuyo zimasuntha mosiyana monga zimachitira munthu akamayenda, pamene zoom imangokulitsa chithunzi chomwecho. N'chifukwa chake kuyandikira pang'onopang'ono ku nkhope ya munthu amene akuzindikira chinthu chowawa kumagwira mtima kwambiri. Kamera yonyamula m'manja imagwedezeka n'kupereka nkhawa ndi chipwirikiti, pamene chipangizo cha Steadicam, chimene Garrett Brown anachipanga m'zaka za m'ma 1970, chimalola wojambula kuyenda ndi munthu popanda kugwedezeka. M'chochitika chathu ndingayendetse kamera kamodzi kokha, pamalo amene tinachonga aja.

Pomaliza: lembani mndandanda, jambulani, lumikizani, yesani

Tsiku lojambula lisanafike, lembani mndandanda wa zithunzi zonse, ndipo pa chilichonse muonetse mtunda, msinkhu, lenzi, kayendedwe ka kamera ndi chifukwa chimene chithunzicho chilipo. Ngati mukulephera kulemba chifukwa, chithunzicho chichotseni. Jambulaninso mapu a chipinda monga chimaonekera kuchokera pamwamba, muonetsepo mzere uja ndi malo a kamera. Pojambula yambani ndi chithunzi chotalikira cha chochitika chonse, kuti ochita sewero akhazikitse kayendedwe kawo, kenako mumalize zithunzi zonse zoyang'ana mbali imodzi musanatembenuke, chifukwa kusamutsa magetsi ounikira n'kumene kumadya nthawi yambiri. Mukamajambula nkhope ya munthu mmodzi, musazimitse kamera pamene mnzake akulankhula. Nkhope ya womvetsera ndi chuma chimene mudzachifuna polumikiza zithunzi.

Kufunika kwa nkhope imeneyi kunaonekera bwino cha m'ma 1920, pamene Lev Kuleshov wa ku Russia anatenga chithunzi chimodzi cha nkhope yosasonyeza kalikonse ya wochita sewero Ivan Mosjoukine n'kuchilumikiza ndi zithunzi zosiyana: mbale ya supu, mwana ali m'bokosi la maliro, ndi mkazi atagona pampando wautali. Owonera anaona njala, chisoni ndi chilakolako pa nkhope imene sinasinthe n'komwe. Tanthauzo la chithunzi limabadwa chikakumana ndi chinzake. Choncho musamuuze wochita sewero kuti atong'ole maso kapena agwire pakamwa poona kalata. Onetsani maso ake akutsika, onetsani kalata monga iye akuionera, kenako bwererani ku nkhope yake ndipo muchedwepo masekondi angapo kuposa mmene mukuganizira. Wowonera adzadzaza yekha mantha ndi manyazi.

Mukamaliza kulumikiza, zimitsani mawu onse n'kuitana munthu amene sanawerengepo nkhaniyo kuti aonere. Mufunseni kuti chochitikachi ndi cha yani, ndani ali ndi mphamvu poyamba ndi pomaliza, ndiponso ndi pati pamene zinthu zatembenuka. Akayankha molondola, bwezerani mawu n'kupitiriza ndi chochitika chotsatira. Akalephera, bwererani pamene munachonga ndi pensulo paja, muone chithunzi chimene munaikapo, kenako muwerenge zithunzi zoyandikira zimene zabwera chisanafike, chifukwa nthawi zambiri kuchotsa ziwiri kapena zitatu mwa zimenezo n'kokwanira kuti chija chiyambe kugwira ntchito.